Kutsuka zithunzi kudachoka m'madzi n'kulowa m'kompyuta

Chilimwe chikafika m'boma la Mchinji, fodya atapita ku okishoni, mtedza ndi soya zitalowa m'matumba, Loweruka silidutsa popanda phokoso la zimkuzamawu. Ndi nyengo ya maukwati, zinkhoswe ndi kuvundukula ziliza. Pakati pa namtindi wa anthu ovina perekaniperekani sipalephera munthu mmodzi amene savina nawo. Amangoti apa wagwada, apo wakwera pampando, chikwama chili kumsana. Ameneyo ndiye kameramani.

Dzuwa likapendeka akwati amaperekezedwa, ankhoswe amakhala pansi kuwerenga ndalama, amayi amatsuka miphika. Kwa kameramani ntchito imakhala itangoyamba kumene. M'thumba mwake mumakhala kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kotchedwa memory card, ndipo ukwati wonse umakhala uli momwemo: kumwetulira kwa mkwatibwi, misozi ya mayi ake ndi nkhope ya agogo amene mwina chaka chamawa sadzakhalapo. Kakhadiko kakatayika kapena kuonongeka, palibe angamemenso anthu kuti adzabwereze mwambo.

Apa ndi pamene pagona kusintha kwa ntchito yojambula zithunzi. Kale wojambula ankangotola, kutsuka n'kusiyira ena. Lero kutsuka, kukonza, kusindikiza ndi kusunga zonse zili m'manja mwake, ndipo amene sadaphunzire mbali imeneyi makasitomala akumuthawa, ngakhale kamera yake ikhale yodula chotani.

Masiku a filimu

Amene adakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira wojambula wa panjinga. Ankazungulira m'midzi, m'sukulu ndi m'matchalitchi a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji, kamera ili m'khosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, choncho sankatola chisawawa. Munthu ankayamba wasamba, n'kubwereka jekete kapena wailesi yoti anyamule, kenaka n'kuima chilili kudikira kuti kamera ilire.

Filimu ikadzaza inkayenera kupita kumzinda kokatsukitsa. Kuchokera pa Mchinji Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa M12, ndipo kwa okhala kumalire mzinda wa Chipata m'dziko la Zambia udali pafupi kuposa likulu la dziko lawo lomwe. Wojambulitsa ankalipiriratu theka n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri. Tsiku latsoka uthenga unkabwera wakuti filimu idapsa, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Komabe filimu idali ndi ubwino wake. Ntchito yolinganiza kuwala ndi mitundu ankaigwira ndi makina ndi akatswiri a kotsukitsako. Kuonjezera apo, wojambula ankatsala ndi negetivu, yomwe ankatha kuisunga m'sutikesi zaka zambiri. Banja likafuna chithunzi china, ankangoitulutsa n'kukatsukitsanso.

Kamera yosalira filimu idayambira kutali. Mu 1975 injiniya wa kampani ya Kodak ku America, Steven Sasson, adapanga kamera yoyamba ya dijito. Chodabwitsa n'chakuti luso lomwelo ndi limene lidadzagwetsa msika wa filimu, moti mu Januwale 2012 Kodak idakapempha chitetezo kukhoti italemedwa ndi ngongole.

Anthu a ku Mchinji adaona mphamvu ya makamera atsopanowa mu Okutobala 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, adatenga mwana kumalo osungira ana amasiye a Home of Hope. Atolankhani akunja adakhamukira m'bomali, ndipo zithunzi zomwe ankatola zinkatuluka m'nyuzipepala za ku London pasadathe masiku. Mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika yemwe bungwe la NRB lidachititsa n'kulemba anthu oposa 9 miliyoni m'dziko muno, ngakhale gogo wa kumudzi adadzionera yekha nkhope yake ikutulukira pa kompyuta nthawi yomweyo.

Kenaka foni zokhala ndi kamera zidadzaza m'matumba a anthu. Tizithunzi ta Lamulungu masana, tomwe tinkagulira wojambula sopo ndi mchere, tidatha. Zomwe zidatsala ndi miyambo ikuluikulu, zithunzi za pa ziphaso, ndi zithunzi zoti zikhale pakhoma kapena mu alubamu. Pa ntchito zimenezi munthu amalipira chifukwa akufuna chinthu choposa chimene mphwake angatole ndi foni.

Kuphunzira pulogalamu

Dzina limene aliyense amalitchula ndi Photoshop. Pulogalamuyi adaiyamba ndi anthu awiri apachibale, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe idaitulutsa mu 1990. Mu 2007 kampani yomweyo idatulutsa Lightroom, yothandiza wojambula kusanja ndi kukonza zithunzi zambirimbiri nthawi imodzi.

Vuto lagona pa mtengo. Kuyambira mu 2013 Adobe idasiya kutulutsa Photoshop yatsopano yogula kamodzi n'kukhala yako. Tsopano munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndi ndalama yakunja, kudzera pakhadi ya kubanki. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kubweranso 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengowo udakwera kwa aliyense amene amapeza ndalama zake m'makwacha.

N'chifukwa chake ena amathamangira mapulogalamu obera, omwe amapatsana pa flash. Njirayi imaoneka yachidule koma ili ndi minga. Ndi kuphwanya lamulo la umwini wa luso la mu 2016, komanso mapulogalamu otere kawirikawiri amabwera ndi vayirasi, ndipo vayirasiyo imalowa m'kompyuta yomweyo imene muli maukwati a eni.

Chonsecho alipo mapulogalamu aulere amene lamulo limalola. GIMP, yomwe ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, adaiyamba mu 1995, imagwira ntchito zambiri za Photoshop. Darktable imagwira ntchito yofanana ndi ya Lightroom. Pa foni pali Snapseed, yomwe Google idagula mu 2012. Wongoyamba kumene akhoza kuphunzirira pa zimenezi popanda kutaya tambala.

Ambiri amaphunzira poonerera mnzawo kapena potsata maphunziro a pa YouTube bandulo ikalola. Msampha wa wophunzira ndi kufuna kudziwa batani lililonse tsiku limodzi, kapena kuthamangira zokometsera monga maluwa m'mphepete mwa chithunzi ndi kuika akwati kutsogolo kwa nyumba yosanja imene sadaionepo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zofunika kuyambira ndi zinayi: kudula chithunzi kuti chiongoke, kulinganiza kuwala, kukonza mitundu kuti choyera chioneke choyera, ndi kudziwa kukula koyenera posindikiza.

China chofunika kuchimvetsa msanga ndi kusiyana kwa JPEG ndi RAW, mitundu iwiri imene kamera imasungira chithunzi. JPEG ili ngati nsima yophikaphika: kamera yathira kale madzi, yavundula, yaomola, ndipo ikalimba kapena kufewa pokonzera pamakhala pochepa. RAW ili ngati ufa. Imadya malo ambiri pakhadi ndipo imafuna pulogalamu yoitsegulira, koma wojambula amaphika yekha mmene akufunira. JPEG ilinso ndi khalidwe lina loipa: ikamakonzedwa ndi kusungidwa mobwerezabwereza imanka itayako ubwino wake pang'onopang'ono.

Diresi yoyera, nkhope yakuda

Mayeso enieni a kameramani wa kuno amabwera pakhomo la tchalitchi, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Mkwatibwi wavala zoyera mbee, mkwati wavala suti yakuda. Kamera ikasiyidwa kuti iganize yokha imayeza kuwala kwa malo onse n'kutenga pakatikati. Diresi ikawala kwambiri, kamera imachepetsa kuwala, ndipo nkhope za akwati zimangoti bii, maso okha n'kumaoneka. Wojambula akawonjezera kuwala mopyola, nkhope zimaoneka koma diresi imasanduka chipepala chopanda nkhwinya kapena mkanda.

Vutoli lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi yoyezera mitundu, yodziwika ndi dzina loti Shirley, pomwe padali chithunzi cha mayi wachizungu. Makina ankalinganizidwa potsata khungu lake. Khadi yokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana idadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Kwa nthawi yaitali, khungu lakuda silinkaganiziridwa popanga zipangizo zojambulira.

Mankhwala ake amayambira pamalo ojambulira pomwepo. Wojambula wodziwa amaimika akwati pamthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, kapena amayatsa fulashi ngakhale kuli masana kuti nkhope ziwale. Akafika pa kompyuta amatukula malo amdima okha n'kutsitsa malo owala kwambiri. Apa ndi pamene RAW imaonetsa phindu lake, pakuti imasunga zambiri zobisika mumdima ndi m'kuwala zimene JPEG imataya.

Koma pali malire pakati pa kuwalitsa chithunzi ndi kuyeretsa munthu. Pempho loti "mundiyeretseko pang'ono, achimwene" si lachilendo kwa wokonza zithunzi. Kuchotsa chiphuphu chimene chidatuluka m'mawa wa ukwati palibe angadandaule. Koma ena amasalaza nkhope mpaka munthu kuoneka ngati chidole cha m'sitolo, mphini za agogo n'kufufutika, mpata wa m'mano n'kutsekeka. Chithunzi chotere chimakoma sabata imodzi. Pakatha zaka khumi, ana amafunsa kuti mayi ali pakhomawa ndani.

Pa zithunzi za ziphaso ndiye palibe kunyengerera, chifukwa ntchito ya chithunzicho ndi kutsimikiza kuti mwini chiphaso ndi yemweyo. Kwa atolankhani lamulo n'lokhwima koposa. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times idachotsa ntchito wojambula wake, Brian Walski, zitadziwika kuti adalumikiza zithunzi ziwiri za kunkhondo ya ku Iraq kuti zikhale chimodzi chooneka bwino.

Masiku ano kwabweranso mapulogalamu a AI amene amati amatsitsimutsa zithunzi zakale. Banja likamakonzekera kuvundukula chiliza limabweretsa kachithunzi kofwifwa ka malemu kuti kakulitsidwe. Mapulogalamuwa akapeza malo osaoneka bwino amangopeka maso, mano ndi mphuno potengera nkhope za anthu ena. Chotuluka chimakhala chosalala, koma nthawi zina si bambo aja amene ana awo akuwadziwa. Wokonza wanzeru amaonetsa banja zithunzi zonse ziwiri, chakale ndi chokonzedwa, asadasindikize.

Ndondomeko yake

Luso lokonza lingakule bwanji, popanda dongosolo ntchito imaonongeka. Ndondomeko yabwino imayamba tsiku la mwambo lisadafike. Mabatire amatchajidwa usiku, tsiku ndi nthawi za m'kamera zimakonzedwa, ndipo khadi imafufutidwira m'kamera momwemo, zitatsimikizika kuti za ntchito yapita zidasungidwa kale. Makhadi awiri kapena atatu aang'ono amaposa imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikafa ukwati wonse sufera pamodzi. Makhadi otchipa modabwitsa ndi oyenera kuwakayikira, pakuti alipo achinyengo amene amalembedwa kukula kumene alibe.

Akabwerako kumwambo, ntchito yoyamba ndi kukopera zithunzi zonse usiku womwewo, tulo tisadabwere. Zimapita malo awiri, pa kompyuta ndi pa hard drive yapadera, ndipo khadi siifufutidwa mpaka zithunzi zitatsegulidwa n'kuoneka kuti zili bwino. Foda iliyonse imapatsidwa dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka mwambo ndi malo. Mafoda akalembedwa motero amadzisanja okha mwa ndandanda, ndipo ukwati wa ku Ludzi susokonezeka ndi chinkhoswe cha ku Guilleme.

Chotsatira ndi kusankha. Kamera ya dijito imalola kutola zithunzi mazanamazana, koma banja silifuna zonsezo. Zophethira, zogwedezeka ndi zobwereza zimaikidwa pambali kukonza kusadayambe, apo ayi wojambula amachezera usiku wonse pa zithunzi zoti sadzagulitsa. Pokonza, chithunzi choyambirira sichikhudzidwa. Amakonza kope lake, kuti dzanja likalakwa pakhale pobwerera. Ndiyo negetivu ya masiku ano.

Posindikiza pamafunika masamu pang'ono. Chithunzi cha dijito chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo kuti chituluke chakuthwa pamafunika timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi wamba cha mainchi 4 kwa 6 chimafuna timadontho 1,200 kwa 1,800. Chapakhoma chimafuna ochuluka kuposa apo. Ichi n'chifukwa chake chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp mwa masiku onse chimasweka chikakulitsidwa, pakuti WhatsApp imachichepetsa kuti chiyende msanga. Chofuna kukasindikizidwa chiyenera kutumizidwa ngati document.

Palinso chodabwitsa chimene chimapweteka ongoyamba kumene. Sikirini imawala yokha pomwe pepala siliwala, choncho chithunzi chooneka bwino pa laputopu chimatha kutuluka chakuda papepala. Kusindikiza chimodzi choyesera n'kuchiona panja kumapulumutsa mapepala ndi inki.

Adani atatu

Ku Mchinji, monga m'maboma ena, zithunzi zili ndi adani atatu: fumbi, magetsi ndi vayirasi. Fumbi la m'misewu ya kumidzi limalowa m'kamera posintha malensi, ndipo limaoneka ngati timadontho pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Kusinthira lensi m'nyumba, kamera itayang'ana pansi, kumachepetsa ntchito yofufuta timadonthoto pa kompyuta.

Za magetsi aliyense akukumbukira. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudapitirira mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Magetsi akazima kompyuta ili mkati mokopera, fayilo imatha kuonongeka. Laputopu, pokhala ndi batire yakeyake, imateteza ku ngozi yotere kuposa kompyuta yapatebulo, ndipo sola imathandiza kumene mawaya a ESCOM sadafike.

Vayirasi imayenda pa flash imene yalowa m'makompyuta ambiri, monga a m'malo osindikizira ndi oikitsa nyimbo. Ina imabisa mafoda, mwini n'kuyesa kuti zonse zapita. Flash yopita kosindikiza isakhale yomweyo yosungira ntchito. Ndipo zithunzi zikafufutika mwangozi pakhadi, chofunika ndi kusiyiratu kujambulira pakhadiyo. Mapulogalamu aulere monga PhotoRec ndi Recuva amatha kuzibweza, bola ngati pamalopo sipadalembedwe zina.

Akatswiri osunga zithunzi ali ndi lamulo losavuta kukumbukira: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kutaliko kukhoza kukhala pa intaneti kapena kwa mbale wodalirika. Wakuba akalowa kapena denga likadontha, laputopu ndi hard drive zimene zili m'chikwama chimodzi zimapitira limodzi.

Msika wa kumalire

Kukhala m'malire kumapatsa wojambula wa ku Mchinji msika umene anzake a maboma ena alibe. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi. Kumapeto kwa Febuluwale kumakhala Nc'wala ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni, komwe Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amakakumana ndi abale awo. Ambiri opita ku miyamboyi amadutsira pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe kuyambira mu Disembala 2022 chidakhala choti apaulendo amaima kamodzi kokha, atachitsegulira atsogoleri a maiko awiriwa panthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema.

Pamisonkhano yotere wogula sadikira sabata. Akufuna chithunzi chake asadakwere galimoto, choncho kapulinta koyenda nako ndi dzanja lachangu pokonza ndiye chuma. Palinso abale amene ali ku Joni, omwe amatumiza ndalama ya ukwati kapena ya chiliza n'kumadikira pa foni kuti aone mmene mwambo wayendera. Kwa iwowa, zithunzi khumi zosankhidwa bwino zotumizidwa usiku womwewo zimaposa alubamu yobwera patatha mwezi.

Changu chimenechi chisaiwalitse ulemu. Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi malo ndi nthawi zimene kamera siiloledwa, ndipo wojambula amayamba wapempha kwa eni mudzi. N'chimodzimodzi ndi kuika zithunzi za akwati kapena za ana pa Facebook pofuna kutsatsa malonda. Safunsa adadya phula. Banja likavomera palibe mlandu, koma likangodzidzimuka zithunzi zake zili paliponse, ulendo wina limaitana wina.

Phindu la dongosolo lonseli silioneka tsiku la ukwati. Limadzaoneka patapita zaka, mnyamata akadzafika pa kabaza atatumidwa ndi akuluakulu kuti agogo aja atisiya, ndipo chithunzi chawo chabwino n'chimene adajambulidwa pa ukwati uja. Wojambula amene adasunga ntchito yake amangofunsa chaka ndi mudzi, n'kutsegula foda. Mnyamatayo amabwerera kusiwa chithunzi chili m'manja, ndipo chikafika, olira amawazindikira agogo awo.